Kuwala kwa nyali kumathawira pati? Yankho kwa wokonza nyali za usipa ku Yofu

Bambo Mlangizi,

Ndine mnyamata wa ku Yofu, pachilumba cha Likoma. Ntchito yanga ndi yotchaja mabatire ndi kukonza nyali za LED zomwe asodzi amapita nazo kukauni. Ndimagwirira bambo wina amene ali ndi maboti ndi zilimira, komanso ndimalandira ntchito za ena. Vuto langa nali. Nyali zikakhala zatsopano zimawala bwino, koma pakapita miyezi yochepa zimazilala, zina zimachita kuphethira. Usipa ukavuta, siginala amati sindinatchaje bwino, ndipo alovi amandiyang'ana ndi diso lofiira poti gawo lawo lachepa. Tsopano kwabwera wamalonda ndi nyali zolembedwa "graphene" ndi "quantum" pabokosi. Akuti zimawala kuposa zonse ndipo sizifa, koma mtengo wake ndi wokwera. Abwana akuti ndiwauze ngati tigule. Ndikavomera nyalizo n'kukanika, mlandu ndi wanga. Ndikakana anzathu n'kupha nazo nsomba, mlandu ndi wanganso. Ndichite bwanji?

Wokonza nyali, Yofu

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Muli mafunso awiri. Loyamba ndi la nyali: chimazilalitsa n'chiyani, nanga mawu a pabokosiwo ali ndi mutu? Lachiwiri ndi la udindo wanu: mungalangize bwanji abwana popanda kusenza mlandu wa nyanja yonse? Onse awiri yankho lake ndi limodzi. Kuwala kumene mukusowa sikuli m'bokosi la wamalonda. Kwambiri kukutayika pa nyali zomwe muli nazo kale, ndipo malo amene kukuthawira mungathe kuwapeza, kuwayeza ndi kuwalemba. Mukatero mudzalankhula ndi manambala, osati ndi mantha.

Mawu a pabokosiwo achokera kuti

Mawu awiriwo si opeka. Ndi a sayansi yeniyeni, ndipo ndi bwino muwadziwe kuti wina asakuopsezeni nawo.

Ma quantum dots ndi timibulu tating'onoting'ono totulutsa kuwala tikalandira mphamvu. Kukula kwake ndi pakati pa mananomita 2 ndi 10, pamene tsitsi limodzi la munthu limanenepa mananomita 50,000 kapena kuposa. Chodabwitsa chake n'chakuti mtundu wa kuwala umatsatira kukula kwa kambulu: kochepetsetsa kamapendekera ku buluu, kokulirapo kamapendekera ku kufiira. Alexei Ekimov anaona zimenezi m'galasi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Louis Brus anazionanso m'zamadzimadzi, ndipo mu 1993 Moungi Bawendi anapeza njira yopangira timibulu tofanana bwino. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2023. Ma TV ena olembedwa QLED ali ndi timibulu totere mkati, n'chifukwa chake mitundu yake imaoneka yoyera.

Timibulu tina totere timapangidwa ndi perovskite. Perovskite ndi gulu la zinthu zomwe maatomu ake amayalana ngati a mwala wina umene Gustav Rose anaufotokoza mu 1839, wochokera kumapiri a Ural ku Russia. Mu 2009 Tsutomu Miyasaka wa ku Japan anapanga sola ya perovskite yomwe inkasandutsa 3.8 peresenti ya kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi, ndipo lero za m'malaboletale zinadutsa 25 peresenti. Mu 2015 gulu la Maksym Kovalenko ku ETH Zurich, ku Switzerland, linaonetsa timibulu ta perovskite towala kwambiri, topangidwa ndi cesium, mtovu ndi chinthu chachitatu chomwe chimasankha mtundu. Mukaikamo chloride kuwala kumapita ku buluu, bromide imapereka kobiriwira, iodide kofiira. Timibuluti sitivuta kupanga ndipo sitifuna ng'anjo yotentha kwambiri.

Koma tili ndi adani. Chinyontho chimatiwononga, kutentha kumatizilalitsa, mpweya ndi kuwala kwamphamvu zimatikalambitsa msanga. Vuto lina lili pakhungu pa kambulu. Poti ndi kakang'ono chotero, maatomu ambiri ali kunja, ndipo pomwe pasowa atomu imodzi pamakhala mpata. Mphamvu yomwe ikanatuluka ngati kuwala imagwera mumpatamo n'kusanduka kutentha. Zili ngati chilimira chong'ambika: usipa walowa ndithu, alovi akoka ndi mphamvu zonse, koma pofika m'boti watsala wochepa chifukwa wathawira pong'ambikapo. Ofufuza ambiri sakufunafuna mphamvu yowonjezera. Akusoka mipata.

Graphene imathandiza, imawononganso

Apa ndi pomwe graphene yalowera. Graphene ndi kaboni woyalidwa mopyapyala mpaka kukhuthala kwa atomu imodzi yokha. Imachokera ku graphite, chakuda chomwe chili mkati mwa pensulo. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anaipatula mu 2004 ku Manchester pomata ndi kumatula tepi pa graphite, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2010. Imadutsitsa pafupifupi 98 peresenti ya kuwala, imayendetsa magetsi bwino, imachotsa kutentha kuposa kopa, ndipo ikakhala yopanda chilema ngakhale mpweya sudutsa. Graphite tili naye kuno kwathu, ku Kasiya ndi ku Malingunde m'boma la Lilongwe, komwe kampani ya Sovereign Metals inachita kafukufuku, ndipo ku Balama ku Mozambique akukumba kale. Komatu graphite wa mumgodi ndi graphene ya mulaboletale zatalikirana kwambiri pa ntchito ndi pa mtengo.

Ofufuza amaika graphene pafupi ndi timibulu ta perovskite kuti igwire ntchito zitatu: kutchinga chinyontho ndi mpweya, kutulutsa kutentha kusanaunjikane, komanso, pa mitundu ina ya graphene yokonzedwa ndi mankhwala, kugwira pakhungu pa kambulu ndi kutseka mipata ija. Zikayenda bwino timibulu timawala kwambiri ndipo timakhalitsa.

Koma graphene yomweyo ikakhudzana mwachindunji ndi kambulu, nthawi zambiri imalanda mphamvu isanasanduke kuwala, ndipo kambulu kamazilala. Kulanda kumeneku ndi kwabwino pa chipangizo chozindikira kuwala kapena pa sola, pomwe cholinga ndi kutulutsa magetsi, koma pa nyali ndi kutaya. N'chifukwa chake ofufuza amaika kachotchinga kopyapyala, ka mananomita ochepa, pakati pa ziwirizi, poti mphamvu yolandayo imachepa msanga mtunda ukawonjezeka pang'ono. Choncho funso si lakuti muli graphene kapena mulibe. Funso ndi lakuti yaikidwa pati, motani, ndipo wina anayeza n'kupeza chiyani.

Tsono za nyali za wamalondayo

Ntchito ya perovskite ndi graphene pa nyali ikadali ya m'malaboletale, ndipo chomwe chikuichedwetsa ndi chinyontho ndi kutentha, zomwe panyanja pano n'zochuluka. Nyali yoyera ya LED yomwe mumagwira tsiku ndi tsiku ili ndi kachipu kotulutsa kuwala kwa buluu, kopakidwa ufa wachikasu womwe umasintha gawo la kuwalako kuti zonse pamodzi zioneke zoyera. Kachipu ka buluu kameneka n'komwe kanapezetsa Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura mphoto ya Nobel mu 2014. Opanga ena amasakaniza ufa wa graphite kapena graphene mu utoto kapena mupulasitiki ya kumbuyo kwa nyali kuti izizizira, ndipo zikhoza kuthandiza pang'ono. Koma mawu okha pabokosi sakuuzani kuti nyali iwala bwanji pakapita miyezi itatu.

Musakangane naye wamalondayo, mufunseni mwaulemu. Nyaliyi imatulutsa malumeni angati? Mawati amanena magetsi omwe nyali imadya, malumeni ndiwo amanena kuwala. Nambala yake ya IP ndi iti? IP65 imapirira fumbi ndi madzi owazidwa, IP67 imapirira kumira mita imodzi kwa mphindi 30. Chitsimikizo chake ndi cha miyezi ingati, ndipo angachilembe palisiti? Ikawonongeka, zosinthira zimapezeka ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu? Kenako mupempheni imodzi muiyeze iye akuona. Amene amakhulupirira katundu wake sakana.

Kuyeza kwake sikuvuta. Lumikizani nyali ku batire lodzaza kudzera pa mita yanu, muone maampu omwe ikukoka, muchulukitse ndi mavolti. Nyali yolembedwa mawati 200 ikamakoka maampu 1.5 pa mavolti 12, imeneyo ndi ya mawati 18, ndipo bokosi lanama. Pa kuwala, mafoni ambiri amalola kuikamo pulogalamu yoyezera kuwala. Siyolondola ngati chida cha akatswiri, koma imakwanira kuyerekeza nyali ziwiri. Chitani usiku m'chipinda chamdima, foni yomweyo, batire lomwelo, mtunda wa mamita 2 womwe mwaulemba pansi ndi choko. Werengani nyali itangoyaka, pakapita mphindi 30, ndiponso pakapita maola 2. Nyali zambiri zotchipa zimadabwitsa mphindi zisanu zoyamba, kenako zikatentha zimatsika. Asodzi safuna nyali ya mphindi zisanu, amafuna yofika mbandakucha.

Pomwe kuwala kwanu kukuthawira

Adani omwe akuvutitsa ofufuza aja ndi omwewo akuzilalitsa nyali zanu.

Woyamba ndi kutentha. LED siotcha kutsogolo ngati nyali zopopa za palafini zomwe makolo anu ankasodzera, koma kumbuyo kwa kachipu kumatentha, ndipo kutenthako kukapanda potulukira kachipu ndi ufa wachikasu uja zimakalamba. Chitsulo cha aluminiyamu cha mizeremizere chomwe chili kumbuyo chinaikidwa kuti chichotse kutentha. Nyali itayaka ola limodzi, gwirani chitsulocho. Ngati chala chanu sichingakhalepo masekondi ochepa, yatentha mopitirira. Tsegulani muone ngati kachipu kagona bwino pachitsulo, ngati masikuluu ali olimba, ndiponso ngati phala loyera lapakati pake silinaume n'kusweka. Likauma, pukutani mupake latsopano, lopyapyala. Ndipo pano pali cholakwa chomwe ambiri amachita ndi mtima wabwino: kukulunga nyali yonse mujumbo kapena kuimata silikoni paliponse poopa madzi. Madzi mwawatchingadi, koma mwatsekeranso kutentha mkati. Chotchinga chabwino chikaikidwa polakwika chimapha kuwala, monga momwe graphene imachitira ikagundana ndi kambulu. Tsekani mipata yolowera madzi, chitsulo chakumbuyo musiye chipume.

Wachiwiri ndi chinyontho. Madzi a nyanja yathu si amchere, koma amadya waya ndithu. Sendani waya wa nyali yozilala muone: kopa wabwino amanyezimira mofiirira, wodwala amada kapena kubiriwira, nthawi zina mpaka mkati mwa pulasitiki. Dulani mpaka mupeze wowala. Nyali yomwe galasi lake lachita nthunzi mkati musaimate msanga. Itsegulani, iume bwinobwino pamthunzi podutsa mphepo, kenako muitseke. Mukatseka yonyowa mwasunga mdani m'nyumba. Posankha silikoni, inunkhizeni: yonunkha ngati viniga imatulutsa asidi ikamauma ndipo imadya kopa ndi timiyendo ta kachipu, choncho funani yosanunkha choncho. Pomwe waya amalowera mu nyali, mupindeni alendewere pansi pang'ono asanalowe, kuti dontho lotsetsereka ligwere pansi m'malo molowa mkati.

Wachitatu ndi polumikiza. Waya wopota ndi manja n'kukulunga tepi amagwira sabata imodzi, kenako nyali imayamba kuphethira. Wotchererani ndi solder, kapena gwiritsani ntchito zomangira zolimba, ndipo pakani girisi kapena vaselini pamitu ya batire. Yezani mavolti pabatire, muyezenso pa nyali penipeni ili chiyakire. Kusiyana kukaposa theka la volti, waya ndi wowonda, ndi wautali kwambiri, kapena pali polumikiza podwala. Mphamvu imeneyo abwana analipira, dzuwa linatchaja, koma ikuthera kutenthetsa waya.

Musaiwalenso galasi lakutsogolo. Mamba a usipa, mafuta a m'manja ndi nkhungu zomwe zimakhamukira pa nyali zimamatirira n'kuuma. Pukutani ndi nsalu yofewa yonyowa tsiku lililonse, osati ndi mchenga. Masana nyali zisakhale padzuwa m'bwato, chifukwa pulasitiki imachita chikasu ndipo siyeranso.

Batire ndiye mtima wa ntchito yanu

Madandaulo ambiri a "sizinatchajidwe" amachokera pa batire lochepa mphamvu kapena lotopa. Werengerani motere. Nyali ya mawati 10 pa mavolti 12 imakoka maampu 0.83. Ikayaka maola 8 yadya pafupifupi 6.7Ah. Nyali zinayi zadya pafupifupi 27Ah. Batire la mtovu silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, choncho ntchito imeneyi ikufuna batire la 60Ah kapena kuposa. Likakhala laling'ono, nyali zizilala usiku usanathe ngakhale mutatchaja bwanji.

Yezani batire litapuma maola angapo chichotsereni pa chaja. Lodzaza limaonetsa mavolti 12.6 kapena 12.7, latheka limaonetsa pafupifupi 12.2, ndipo likamabwera kunyanja lili pansi pa 12.0 tsiku ndi tsiku, moyo wake ukufupika. Litchajeni m'mawa womwewo, lisagone lopanda moto, chifukwa mbale zamkati zimakutidwa ndi zinthu zoyera zokakamira zomwe sizichoka. Madzi akachepa thirani madzi a batire ogula, osati a m'nyanja, osatinso asidi. Batire la galimoto linapangidwira kuliza injini kwa masekondi ochepa, silipirira kutsitsidwa usiku uliwonse ngati la sola. Ngati mumatchajira pa sola yanu, ikhale ndi kontolola, muziipukuta fumbi, ndipo onani kuti mthunzi wa mlambe kapena wa denga sukugwera ngakhale pakona imodzi, poti mthunzi wochepa umatsitsa mphamvu ya sola yonse. Masiku a mitambo konzekeranitu kutchajira pamagetsi a pachilumba, omwe EGENCO imapanga ndi dzuwa komanso majenereta, ndipo abwana adziwe mtengo wake zisanachitike.

Kope lanu ndiye mboni yanu

Tsopano tifike pa mlandu uja. Mumakanika kudziteteza chifukwa zonse zili pakamwa. Gulani kope ndi kachitini ka utoto. Nyali iliyonse ndi batire lililonse mulembe nambala. Madzulo popereka zida, yezani batire siginala akuona, yatsani nyali zonse akuona, lembani tsiku, nambala ndi mavolti, kenako nonse awiri musaine kapena kudinda chala. M'mawa zikabwera yezaninso, mulembe zomwe mwapeza: yanyowa, waya waduka, galasi lasweka, batire latsika mpaka pati.

Onjezani mizere iwiri yomwe ambiri saiganizira: mwezi ndi mphepo. Aliyense pa Likoma amadziwa kuti mwezi ukawala usipa subwera ku nyali monga umachitira mumdima, ndipo mwera ukaomba maboti ena sapita n'komwe. Koma pagombe, m'mawa wopanda nsomba, anthu otopa amaiwala zimenezi n'kufuna munthu womuloza. Kope likaonetsa kuti batire linachoka ndi 12.7, linabwera ndi 12.3, nyali zonse zikuyaka, ndipo mwezi unali wathunthu, nkhani yatha popanda kutukwanizana. Tsiku lomwe kope lionetsa kuti vuto linali kwa inu, livomereni pomwepo ndi kukonza. Anthu akaona kuti kope silikondera mwini wake amalikhulupirira.

Siginala musamuone ngati mdani. Iye ndi amene amakhala ndi nyali m'bwato usiku wonse, kuyang'ana momwe nsomba zikusonkhanira ndi kuzitsogolera ku chilimira. Amaona zomwe mita yanu singaone. Mupezeni masana atapuma, osati m'mawa ali ndi tulo, mumufunse kuti, "Akulu, nyali iti imayamba kutsika, ndipo nthawi yanji? Ndi iti imene mumaona kuti imalowa bwino m'madzi?" Mayankho ake ndi chuma. Sayansi imavomereza zomwe maso a asodzi amaona: m'madzi oyera kuwala kofiira kumatha msanga, kobiriwira ndi kwa buluu kumapita patali. Tizilombo ta m'madzi timabwera ku kuwalako, usipa n'kutsatira. Mukamufunsa motere, mawa sadzanena kuti "nyali zako", adzati "nyali zathu".

Mmene mungayankhire abwana

Musawayankhe pagulu, ndipo musawayankhe ndi "inde" kapena "ayi" yekha. Apezeni paokha, kope lili m'manja, munene mawu ngati awa: "Bambo, ndaziyeza nyalizi. Zomwe zalembedwa pabokosi ndi izi, zomwe mita yaonetsa ndi izi. Maganizo anga ndi akuti tigule imodzi kapena ziwiri, tiziyese mdima umodzi wonse, tizisinthanitsa pakati pa maboti kuti tisanamizidwe ndi mwayi wa boti limodzi. Zikachita bwino tidzaonjezera. Pakadali pano ndalama yochepa ya waya wonenepa ndi batire limodzi labwino ikonza nyali zomwe tili nazo."

Yankho lotere limasiya chigamulo m'manja mwa mwini ndalama, komwe chiyenera kukhala, koma limaonetsa kuti mwagwira ntchito yanu. Gwirizananinso momveka bwino za malire a udindo wanu. Inu muyankha pa batire lodzaza, nyali yoyaka ndi kope lolondola. Simuyankha pa mwezi, mphepo kapena komwe usipa wapita. Ndalama ya zosinthira isiyane ndi malipiro anu, ndipo chilichonse chomwe mwaitanitsa pa Ilala kapena pa boti lina chikhale ndi lisiti. Wamalonda akakulonjezani kangachepe kuti muyamikire katundu wake, kanani. Chilumba n'chaching'ono, ndipo dzina la mmisiri likada siliyeranso msanga. Za ntchito za anthu ena zomwe mumalandira, abwana azidziwe, ndipo musatchajire mabatire a ena pa zida zawo popanda chilolezo.

Mtovu usalowe m'nyanja kapena m'thupi

Chimodzi mwa zomwe zikuchedwetsa perovskite ndi mtovu womwe uli mkati mwake. Ofufuza akuda nkhawa ndi kamtovu kochepa, pamene inu mumanyamula makilogalamu angapo m'batire lililonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi womwe ungatchedwe wosavulaza, ndipo ana ndiwo amavulala kwambiri, makamaka ubongo. Musaswe batire lakufa pagombe, musasungunule mtovu wake kupanga zolemetsa maukonde pafupi ndi nyumba, ndipo asidi musathire pamchenga pomwe amayi amatsuka mbale ndi kuyanika usipa. Sonkhanitsani mabatire akufa pamalo ouma pomwe ana safika, muwatumize kumtunda kwa ogula mabatire akale. Sambani m'manja ndi sopo musanadye. Musatchajire m'chipinda chogona, chifukwa batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka, ndipo ndudu kapena kandulo pafupi ndi ngozi. Batire la lithium likatupa, lichotseni pantchito tsiku lomwelo, musaliboole.

Kuwala kochuluka si nsomba zochuluka

Pali chinanso chomwe ndikufuna muchiganizire, poti mawu anu ayamba kumveka pagombe. Boti limodzi likaonjezera nyali limapambana kwa kanthawi. Onse akaonjezera, aliyense wawononga ndalama zambiri, usipa m'nyanja ndi womwewo, ndipo tinsomba tosakhwima timakokedwa nawo. Nkhani ya kuchuluka kwa nyali pa boti ndi yoyenera kukambidwa ku komiti ya pagombe pamodzi ndi alangizi a nthambi ya zausodzi, ndipo munthu wodziwa kuyeza mawati ndi malumeni ngati inu angathandize kuti zokambiranazo zikhale pa zinthu zoyezeka. Ntchito yanu yabwino koposa ndi yoti kuwala komwe kulipo kusatayike, batire likhale zaka m'malo mwa miyezi, ndipo ndalama ya zida isadye gawo la alovi.

Luso lanuli lingakule. TEVETA imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kuphatikizapo zamagetsi, Mzuzu University imaphunzitsa za mphamvu zongowonjezereka, ndipo MERA ndiyo imapereka ziphaso kwa oika magetsi. Funsani za njira yomwe ingakukwanireni. Pomwe nyali za perovskite zidzafike pamsika, zidzafuna anthu odziwa kuteteza chipangizo ku chinyontho ndi kutentha, ndipo amenewo ndi anthu omwe anaphunzira pa ntchito ngati yanuyi.

Sabata ino yambani ndi zomwe zili m'manja mwanu. Lembani manambala pa nyali ndi mabatire. Tengani nyali yozilala kwambiri, muiyeze kuwala, musinthe waya, muyeretse galasi, mupake phala latsopano kumbuyo kwa kachipu, kenako muiyezenso pamtunda womwewo. Manambala awiriwo mukawaonetse abwana pamodzi ndi a nyali ya wamalonda. Akaona okha kuchuluka kwa kuwala komwe kwabwerera ndi ndalama yochepa, adzadziwa zoyenera kugula, ndipo adzadziwanso kufunika kwa munthu yemwe ali naye pantchito.

Mlangizi